Kumene amagwira ntchito mphwanga: zolemba za ulendo wa ku Cape Town

Lachiwiri

Ndege yochokera ku Johannesburg yatera ku Cape Town cha m'ma 5 koloko madzulo, ulendo wa maola awiri basi. Yandilandira ndi mphepo. Ikuwomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa mosalekeza, moti pokwerera basi anthu akuyenda chowerama, amayi atagwirira masiketi. Mtambo woyera wayala pamwamba pa phiri la Table, ukutsetsereka m'mbali koma osafika pansi. Mphwanga akuti mphepoyi ndi ya nyengo yawo yotentha, ndipo ikayamba imatha masiku angapo osapuma.

Wandichingamira atavala kale malaya akuda a kuntchito, osita bwino. Wanenepako, ndevu wasunga. Pondipatsa moni wanyonyomala pang'ono, dzanja lina litagwira pamkono monga anamulerera amayi ake. "Amalume, mwayenda bwanji? Kumudzi onse ali bwanji?"

Ndinene chimene chandibweretsa. Mnyamatayu ndi mwana wa achemwali anga, ndipo amagwira ntchito ya ubamani pa bala ina ku De Waterkant. Miyezi yapitayi mphekesera inafika kumudzi yoti eni ake a balayi ndi amuna awiri okwatirana, ndi kuti anthu ambiri omwa pamenepo ndi amuna okondana amuna okhaokha komanso akazi okondana akazi okhaokha. Achemwali kuyambira pamenepo tulo palibe. Ine ndiye mwini mbumba, ndipo poti ndinali kale ku Johannesburg pa zanga za bizinesi, anandiuza kuti ndisabwerere ndisanakaone ndi maso anga.

Ndagona pa nyumba ya alendo yaing'ono ku Green Point, kufupi ndi kuntchito kwake. Mawa ndiye ndikaone.

Lachitatu

M'mawa ndayenda ndekha. Kuchokera ku Green Point umatsata Somerset Road kulowera m'tauni, ndipo panjirapo pali powolokera oyenda pansi popakidwa utoto wa utawaleza, chizindikiro cha anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha. De Waterkant ndi kadera kochepa kwambiri, timisewu tingapo tokwera m'mbali mwa Signal Hill: Waterkant, Napier, Dixon, Loader. Timisewu tina n'toyala miyala, nyumba zake zogundana makoma, ina yachikasu, ina yobiriwira, ina yapinki, makhonde atadzaza maluwa. M'mawindo ena muli mbendera za utawaleza. Ndadutsa pa Café Manhattan, malo odyera ndi kumwera amene akhala pamenepo kuyambira mu 1994, chaka chimene Nelson Mandela analowa m'boma.

Itakwana 12 koloko kunamveka mzinga pa phiri la Signal Hill. Nkhunda zinabalalika, koma anthu okhala panja akumwa khofi anangoyang'ana mawotchi. Mzingawu umaombedwa masana alionse kupatula Lamlungu ndi masiku a tchuthi, ndipo mwambowu unayamba mu 1806.

Kumunsi, pamene Somerset Road ikumana ndi Buitengracht, pali kanyumba ka miyala kotchedwa Prestwich Memorial. Mu 2003 amisiri akukumba maziko a nyumba pa Prestwich Street anapeza mafupa a anthu oposa 2,000: akapolo, amalinyero, amphawi, anthu amene sankaloledwa kuikidwa m'manda a tchalitchi. Mafupawo anaikidwa m'mabokosi n'kusungidwa m'kanyumbaka, kamene kanatsegulidwa mu 2008. Akapolo a ku Cape ankachokera ku Madagascar, ku India, ku Indonesia ndi ku Mozambique. Ndinaima nthawi ndithu pakhomopo ndikuganiza za mtunda wochoka ku Mwanza kukafika ku Tete, mmene ulili waufupi.

Cha m'ma 3 koloko mphwanga ananditsegulira chitseko cha kumbuyo. Dzina la balayi ndilisunga, poti eni ake sanandipemphe kuti ndiwalengeze. Ili pakona, m'nyumba yakale ya makoma okhuthala. M'kati muli kauntala yaitali ya matabwa akuda, mipando yaitali patsogolo pake, ndiye chipinda chachiwiri cha masofa obiriwira ndi timatebulo tatifupi. Wailesi yakanema mulibe, tebulo la pool mulibe. Mabotolo aimikidwa pa mashelefu okhala ndi galasi kumbuyo, ndipo pansi mwakolopedwa moti sumva fungo lija la mowa wogonera limene limakulonjera pakhomo la mabala ambiri.

Ntchito imayamba maola awiri bala isanatsegulidwe, ndipo imayamba ndi ayisi. Mphwanga anatulutsa m'firiji kabokosi kosungira zozizira, kopanda chivundikiro, n'kukhuthula chibuma chachikulu. Kumtunda kwake kunali koyera mbee, kooneka mbali ina. Kumunsi kunali kwa mitambo. Akuti madzi akamaundana kuchokera pamwamba pokha, mpweya umakankhidwira pansi, ndiye amadula mbali ya mitamboyo n'kutaya. Yotsalayo anailemba mizere ndi mpeni wa mano, n'kumenya pang'ono pamsana pa mpeniwo ndi kanyundo ka mtengo. Chibumacho chinang'ambika mowongoka, n'kutuluka timiyala ta makona anayi, kamodzi kokwana m'tambula. Kamwala kakakulu kamasungunuka pang'onopang'ono, choncho chakumwa chimazizira koma osasanduka madzi. Kenaka anafinya mandimu, anaphika shuga ndi madzi muyezo wofanana, ndipo mumphika wina anaviika tiyi wa rooibos, amene amalimidwa ku mapiri a Cederberg, kumpoto kwa mzindawu. Manja ake ankayenda osakayika. Mwana amene ndinamusiya akugulitsa ma unitsi pa Chirimba, lero ali ndi luso limene ine sindinalionepo.

Eni ake anafika ndili pomwepo. Wamkulu ndi mzungu wa imvi, wolankhula motsitsa, ndiye amasunga mabuku a ndalama. Mnzake ndi wocheperako msinkhu, wochokera ku Cape Flats, madera a kunja kwa tauni, woseka mokweza, ndiye amalandira alendo. Mphwanga anati, "Abwana, awa ndi amalume anga aja." Onse awiri anandigwira chanza ndi manja awiri. Wamng'onoyo anandiuza kuti agogo ake anakulira m'timisewu tomweti, asanasamutsidwe m'zaka za m'ma 1960 pamene boma la tsankho linalamula kuti derali ndi la azungu okha. Lero nyumba zimene anthu aja anazisiya akulira ndi zina mwa zodula kwambiri mumzinda muno, zambiri zimabwerekedwa kwa alendo odzaona malo. Iye amalipira lendi m'dera limene agogo ake anathamangitsidwamo. Anaziyankhula akupukuta kauntala, nkhope ili pansi.

Lachinayi

Lero ndakhala pa kauntala kuyambira 6 koloko ngati kasitomala.

Kumudzi ndimamwa Green mmodzi kapena awiri, apo ayi Malawi Gin ndi tonic pa chikondwerero. Mphwanga anati ndiyambe ndi Negroni. Anatenga kachikho kachitsulo ka mbali ziwiri, uku mamililita 25, uku 50, n'kuyeza gin, Campari ndi vermouth wofiira, zonse muyezo umodzi, mosamala ngati mayi wogulitsa mafuta ophikira pa msika amene salola dontho kugwera pambali. Anathira m'tambula yaikulu ya ayisi n'kutakasa ndi supuni yaitali, osakhutchumula. Lamulo lake akuti ndi ili: chakumwa chokhala ndi mowa wokhawokha umatakasa kuti chikhale choyera; chokhala ndi madzi a mandimu kapena dzira umakhutchumula m'chitini kuti zisakanikirane n'kuchita thovu. Atakhuthulira pa kamwala ka ayisi kaja, anasenda khungu la lalanje, n'kulipinda pamwamba pa tambula. Ndinaona timafuta tikuthetheka m'kuwala kwa nyali. Fungo la lalanje linafika m'mphuno milomo isanakhudze tambula. Chakumwacho n'chowawa poyamba, kenaka kutsekemera kumatsatira, ndipo sichilola kuti uchigugudize. Tambula imodzi inandikwanira ola lathunthu.

Pa shelefu pali gin wambiri wa konkuno, wofululidwa ndi zitsamba za m'mapiri a ku Cape zimene amazitcha fynbos. Wina wa Inverroche, wochokera ku Stilbaai, anandinunkhizitsa chabe. Palinso zakumwa zopanda mowa zokonzedwa ndi luso lomwelo, ndipo ndinaona anthu angapo akuitanitsa zimenezo popanda wowafunsa chifukwa.

Anthu a Lachinayi ndi a pafupi pomwepa. Bambo wina wachikulire anabwera ndi kagalu, n'kukhala pa mpando wa kumapeto. Asanatsegule pakamwa mphwanga anali atayamba kale kumukonzera chake. Amayi awiri ovala za ku ofesi anakhala pa sofa, wina atatsamira phewa la mnzake, akuwerengera limodzi kalata ya kusukulu ya mwana wawo. Panali mwamuna ndi mkazi wake amene ankakondwerera tsiku la ukwati wawo. Panali anyamata atatu akukangana za rugby. Nyimbo zinali za jazz, zotsika moti anthu amamvana osakuwa. Mwini wamng'ono uja ankayenda tebulo ndi tebulo, kufunsa za mayi wa uyu amene ali m'chipatala, za ntchito ya uyo imene amafunsira. Aliyense ankamutchula dzina.

Ndinabwera ndi maso a munthu wotumidwa, ndipo ndinayang'ana ponseponse. Chimene ndinaona ndi anthu atakhala pansi akucheza. Panalibe womugwiragwira mphwanga kapena womuyankhula mawu achipongwe. Munthu mmodzi ataoneka kuti wapyola muyezo, mwini wake anamubweretsera madzi, n'kumuitanira galimoto, n'kumuperekeza mpaka panja.

Koma mitengo. Zakumwa zambiri pa menyu zili pakati pa R120 ndi R170. Malipiro otsikitsitsa amene boma la South Africa linakhazikitsa mu Marichi 2025 anali R28.79 pa ola. Ndiye kuti tambula imodzi imene ndamwa ndi thukuta la pafupifupi maola asanu la munthu wokolopa kapena wolondera. Ndinawerengera zimenezi pa foni ndili pa kauntala pomwepo, ndipo zandikhala pamtima usiku wonse.

Lachisanu

Usiku wa lero bala inadzaza mpaka pakhonde. Pakhomo panaima mlonda, ndipo mphwanga ndi mnzake sanapume kuyambira 8 koloko. Chitini chikulira uku, supuni ikuzungulira uko, matikiti a maoda akutuluka m'kamakina. Ine anandikhazika pa kona ya chipinda cha masofa, ndipo mwini wamkulu uja anabwera kudzakhala nane poti phokoso salikonda.

Ndinamufunsa mosabisa chifukwa chimene anatsegulira malo otere. Anayamba ndi unyamata wake. Akuti masiku amenewo mabala a anthu ngati iye ankakhala m'zipinda za pansi, mawindo atapakidwa utoto wakuda, chikwangwani palibe, ndipo munthu umamwa maso ali kukhomo poopa apolisi. Kugonana kwa amuna okhaokha unali mlandu kuno mpaka mu Okutobala 1998, pamene khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa lamulolo. Ndipo ngakhale lamulo litasintha, mantha sanathe tsiku lomwelo. Mu Novembala 1999 bomba linaphulika pa Blah Bar, bala ya anthu oterewa pa Somerset Road pomwepa, anthu angapo n'kuvulala. Anandilozera mawindo a bala yake, aakulu, oyang'ana kumsewu, opanda makatani. Anati anachita kuwafuna otero, kuti wodutsa aone m'kati ndipo wa m'kati aone kunja.

Anandifotokozeranso mmene lamulo linayendera, ndipo zambiri ndinkazidziwa pang'ono chabe. Malamulo oyendetsera dziko a South Africa a 1996, pa gawo 9, amaletsa kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda, ndipo dzikoli linali loyamba pa dziko lonse kulemba zimenezi m'malamulo ake aakulu. Sizinangogwa kumwamba. Simon Nkoli, mnyamata wobadwira ku Soweto, anali mmodzi mwa omenyera ufulu amene anaimbidwa mlandu woukira boma ku Delmas m'zaka za m'ma 1980. Ali m'ndende anauza anzake omangidwa nawo kuti iye amakonda amuna. Ena anakwiya, koma anakhala naye, anamuona mmene analili, ndipo ena mwa iwo anadzakhala akuluakulu a ANC pa nthawi yolemba malamulo atsopano. Nkoli yemweyo, pamodzi ndi Beverley Ditsie ndi anzawo, ndiwo anatsogolera ulendo woyamba wa Pride, wa pamsewu wofuna ufulu wa anthu oterewa, ku Johannesburg mu Okutobala 1990, pamene ena oyenda nawo anabisa nkhope m'mapepala poopa kudziwika. Nkoli anamwalira mu 1998. Mu Novembala 2006 aphungu anavomereza ukwati wa amuna okhaokha ndi akazi okhaokha ndi mavoti 230 kwa 41, ndipo South Africa inakhala dziko lachisanu pa dziko lonse, loyamba mu Africa. Eni bala awiriwa anakalembetsa ukwati wawo patapita nthawi pang'ono, ndipo chithunzi cha tsikulo chili pa shelefu pakati pa mabotolo, mayi wa wamng'onoyo atavala chipewa cha kutchalitchi.

Ndine munthu wopemphera, ndipo ndikudziwa zimene zimalalikidwa pa nkhaniyi kwathu. Koma ndakhala pafupi ndi bambo ameneyu maola awiri, ndamuona akudzuka kukathandiza kunyamula makreti, ndamuona akuyang'ana mnzake uja patali ndi maso amene ndimawadziwa pa anthu amene akalamba limodzi. Sindingathe kunena kuti munthu ameneyu ayenera kukhala m'ndende. Mtima wanga ukukana.

Cha m'ma 11 koloko mtsikana woperekera zakumwa anapuma pang'ono, n'kukhala pafupi nane akudya chakudya chake. Amanditchula kuti Tata. Kwawo ndi ku Khayelitsha, mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pano. Ali ndi chibwenzi chachikazi, ndipo pa bala pano aliyense amadziwa. Koma akatsika galimoto kwawo amayenda mosiyana, amavala mosiyana, ndipo awiriwo sagwirana dzanja pamsewu. Anatchula dzina la Zoliswa Nkonyana, mtsikana wa zaka 19 amene anaphedwa ndi gulu la anyamata ku Khayelitsha mu Febuluwale 2006 chifukwa chokonda akazi anzake. Mlandu unachedwa zaka, ndipo anayi anagamulidwa zaka 18 aliyense mu 2012. Mtsikana woperekera zakumwayo anati lamulo ndi limodzi ku De Waterkant ndi ku Khayelitsha, koma usiku ndi wosiyana.

Ndinamufunsa ngati anzake a kumeneko amabwera kuno. Anapukusa mutu. Galimoto yobwera ndi kubwerera usiku, kuphatikiza tambula imodzi, ndi ndalama ya chakudya cha sabata. Apa ndi pamene mitengo ya dzulo ija inandipwetekera kwenikweni. Mtendere umene uli m'chipinda chino ndi weniweni, ndauona, koma amene akuusowa kwambiri ndi amene sangaufikire.

Loweruka

Masana ndapita ku District Six Museum, m'tchalitchi chakale cha Methodist pa Buitenkant Street. Dera la District Six linalengezedwa kuti ndi la azungu pa 11 Febuluwale 1966, ndipo anthu oposa 60,000 anasamutsidwa, nyumba zawo n'kugwetsedwa. Pansi pa tchalitchicho ayala mapu aakulu pamene anthu akale a m'derali analembapo maina awo pa malo pamene panali nyumba zawo. Wotionetsa malo, bambo wachikulire amene anabadwira komweko, anatiuzanso za Kewpie, wokonza tsitsi wotchuka wa m'derali, amene anabadwa mwamuna koma ankavala ndi kukhala ngati mkazi. Anthu a m'makwalala amenewo, Akhristu ndi Asilamu, ankamudziwa, ankakonzetsa tsitsi kwa iye, ankamusiyira ana. Zithunzi zake zambirimbiri zinasungidwa. Anthu amene amati zonsezi zinabwera ndi alendo a masiku ano akanaona zithunzi zimenezo, za m'ma 1950 ndi 1960, za anthu osauka a m'dera la anthu osauka.

Pobwerera ndadutsa pa Nyumba ya Malamulo ndi pa St George's Cathedral, tchalitchi cha Desmond Tutu, pamene phulusa lake linaikidwa. Mu 2013, mumzinda womwe uno, iye ananena poyera kuti sangapembedze Mulungu wodana ndi anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha. Miyendo inatopa, ku bala sindinapite.

Lamlungu

Ndakwera basi ya MyCiTi kupita ku Dunoon kumene mphwanga amakhala ndi mkazi wake ndi mwana. Basiyi imadutsa m'mbali mwa nyanja cha ku Milnerton, ndipo ukacheuka umaliona phiri lonse la Table litaima kutsidya kwa madzi. Ukafika ku Dunoon ndi dziko lina: nyumba za malata zothinana, mawaya a magetsi akulendewera, madzi akuda akuyenda m'mbali mwa njira. Iwo amachita lendi chipinda cha njerwa kuseri kwa nyumba ya munthu. Mpongozi anaphika nsima, nkhuku ndi mpiru wotendera, ndipo anabwera kudzandipatsa moni atagwada, mwana ali kumsana.

Titadya ndinamufunsa mphwanga za ntchito, mafunso a malume. Ali ndi kalata ya ntchito yosainirana. Malipiro amalowa ku banki pa tsiku lake, ndipo kangachepe kamene makasitomala amasiya, kawirikawiri 10 peresenti ya bilu, amagawana onse ogwira ntchito mpaka otsuka matambula. Akaweruka usiku abwana amalipira galimoto yowatula aliyense pakhomo. Mwana atabadwa anamupatsa masiku opuma, ndipo mabwana onse awiri anabwera mpaka ku Dunoon kuno ndi bedi la mwana. Anagwirapo ntchito malo ena mumzinda muno kumene ankamudula malipiro tambula ikasweka, n'kumamuopseza ndi nkhani ya mapepala akadandaula. "Amalume, pano ndi pamene ndinayamba kuitanidwa ndi dzina langa," anatero.

Madzulo kunabwera anyamata anzake a kumudzi, wina wa ku Mangochi, wina wa ku Nkhata Bay, wina wa ku Mulanje, onse ogwira ntchito m'minda ya maluwa ndi m'malo odyera. Nkhani inafika pa bala ija, ndipo inatentha. Wa ku Mulanje anati ndalama ya malo otere ndi yodetsedwa, ndipo iye sangapondeko. Wa ku Mangochi anati ntchito ndi ntchito, bola osatengera. Mphwanga anangoti, "Bwera udzaone, ndidzakukonzera ya rooibos yopanda mowa." Wina anakumbutsa za Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza, amene anachita chinkhoswe ku Blantyre mu Disembala 2009, n'kumangidwa pa mlandu wa kugonana kwa amuna okhaokha, n'kugamulidwa zaka 14 mu Meyi 2010, mpaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira pamene Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations nthawi imeneyo, anabwera ku Malawi. Tiwonge pambuyo pake anathawira ku Cape Town konkuno. Anyamatawo anaseka pokumbukira, monga tinkasekera tonse nthawi imeneyo, anthu atadzaza pa khoti kudzaonerera. Ine lero kuseka kunandikanika. Ndinawauza kuti lamulo limene linamanga awiri aja likadalipo, kuti mu Juni 2024 khoti linakana pempho loti lichotsedwe, ndi kuti munthu amene anathawa kwawo chifukwa cha kusekedwa ndi kumenyedwa ndi mlendo m'dziko la eni monga iwo omwe, amene amadziwa bwino kuwawa kotchedwa kwerekwere. Wa ku Mulanje sanagwirizane nane, ndipo tinasiyana mwaulemu.

Usiku ndawaimbira achemwali pa WhatsApp. Ndawauza zimene ndaona, chimodzichimodzi: ntchito, malipiro, mpongozi, mdzukulu wonenepa, ndi mabwana awiri aja mmene alili. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anafunsa ngati mwana wawo amapitabe kutchalitchi, ndinati eya. Anafunsa ngati anthuwo amamulemekeza, ndinati kwambiri. Anati, "Achimwene, mwanena ndinu, ndamva." Sananene kuti akondwa, ndipo ine sindinawakakamize.

Lolemba

Lolemba bala satsegula, koma ogwira ntchito amakumana masana kuwerenga katundu ndi kuyesa zakumwa zatsopano. Anandilola kukhala nawo. Mphwanga akukonza chakumwa chake choyamba choti chilowe pa menyu ya nyengo yotentha: gin, madzi a bwemba, uchi pang'ono ndi mandimu. Bwemba anagula kwa amwenye a zokometsera ku Bo-Kaap, kuseri kwa Strand Street. Anakonza katatu, akusintha muyezo wa uchi, aliyense akulawa ndi kaudzu. Mtsikana wa ku Khayelitsha uja anati choyamba chikuwawasa kwambiri, mwini wamkulu anati chachitatu chatsekemera mopyola, onse anagwirizana pa chachiwiri. Mwiniyo anatenga pensulo n'kuwerengera mtengo wa chilichonse cholowamo, mpaka khungu la ndimu, n'kuonjeza lendi, magetsi, malipiro ndi mlonda. Ndinaona ndi maso mmene R140 imabadwira, ndipo phindu lotsala pa tambula si lalikulu monga ndinkaganizira.

Pamenepo ndinayankhula zimene zinali kukhosi kuyambira Lachisanu. Ndinati malo anu ndi abwino, koma ana a ku Khayelitsha ndi ku Dunoon amene akufunika malo otere sangakwanitse. Wamng'ono uja sanakane. Anati nkhaniyi amakangana okhaokha kawirikawiri, chifukwa lendi ya ku De Waterkant siilola mowa wotchipa, ndipo mabala angapo a anthu awo m'derali anatsekedwa kale, ena nthawi ya Covid-19 pamene boma linaletsa kugulitsa mowa kangapo. Mtsikana uja analowererapo. Anati chimene anzake amasowa kwambiri si mowa wotchipa koma galimoto yobwerera usiku. Anapempha kuti pa mwezi pakhale Lamlungu limodzi lotsegula masana, 2 koloko mpaka 6, kuti anthu abwere ndi kubwerera pa minibasi kukadali koyera, ndipo pa menyu pakhale zakumwa ziwiri kapena zitatu za mtengo wotsika. Mwini wamkulu analemba m'buku lake, nafunsa kuti angabwere anthu angati. Iye anati ayambe ndi makumi awiri, adzawaitana yekha. Anagwirizana zoyesa mwezi wamawa.

Mphwanga wandiperekeza mpaka ku nyumba ya alendo, atandinyamulira chikwama cha zinthu zopita kumudzi: nsalu ya amayi ake, tiyi wa rooibos mapaketi awiri, ndi envelopu ya fizi ya mng'ono wake amene ali Fomu 3. Wandipempha kuti wina akamabwera kuno ndidzamupatsire botolo la Malawi Gin ndi bwemba wa ku Chikwawa, akuti wa kuno sakufika pa kuwawasa kumene akufuna. Ndege yanga ya ku Johannesburg inyamuka 7 koloko m'mawa, ndipo basi ya ku Blantyre ndikwera Lachitatu.